Funsani Amakaniko: Sipeya ya kalavani imakalamba ili chigonere

Makalata a mwezi uno anangokhala ngati munapangana. Anayi onse akufunsa za tayala la sipeya, lija timaliiwala mpaka tsiku limene lapansi laphwa. Awiri achokera kunja, kumene makalavani ali ambiri, awiri ndi a konkuno a ngolo zokokedwa ndi galimoto. Mayina sindilemba monga mwa masiku onse.

FUNSO: Amakaniko, ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ku Benoni, kummawa kwa Johannesburg. Abwana anga akusamuka ndipo andisiyira kalavani yawo yakale ya mtundu wa Sprite, imene yakhala pabwalo zaka zambiri osayenda. Ndikufuna kuikoka ndi pikapu ya mlamu wanga mu Disembala mpaka kwathu ku Dedza, ikakhale kanyumba kogona alendo. Matayala awiri apansi ndigula atsopano. Koma sipeya, imene inamangidwa kutsogolo pa chitsulo chokokera, sinapondepo msewu. Mano ake ali onse, ngakhale tiubweya ta kufakitale tikadalipo. Mlamu wanga akuti kugula lina ndi kutaya ndalama. Ndilisamale bwanji kuti likafike? Wowerenga wa ku Benoni.

YANKHO: Achimwene, mwapata abwana abwino. Koma mlamu wanuyo ndikutsutsana naye, ndipo mumuwerengere yankho lino mokweza.

Iye akuyang'ana mano. Ine ndikufuna muyambe mwayang'ana tsiku limene tayalalo linabadwa. Tengani nsanza yonyowa, pukutani m'mbali mwake, mufunefune pamene palembedwa zilembo zitatu zoti DOT. Kutsogolo kwake kuli zilembo ndi manambala angapo, koma inu muone manambala anayi omalizira, amene nthawi zambiri amakhala m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2314, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Mukapanda kuwapeza mbali yakunja, litembenuzeni, pakuti mafakitale ambiri amalemba mbali imodzi yokha. Ndipo mukapeza kuti manambala omalizirawo ndi atatu, musavutike n'kuwerenga: limenelo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, ndi lalikulu kuposa ana anu ena. Likadzalidwe maluwa, ntchito imene inu mukuidziwa kuposa ine.

Ku Britain kuli bungwe la eni makalavani lotchedwa Caravan and Motorhome Club, limene linayamba mu 1907. Langizo lawo ndi loti tayala la kalavani lisinthidwe likakwana zaka 5, ndipo lisagwiritsidwe ntchito likapitirira zaka 7, mano akhalepo asakhalepo. Amawerengera ndi sipeya yomwe. Tsono amenewo akunena za dziko limene dzuwa limaoneka mwa apo ndi apo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, dzuwa lake limaluma, ndipo sipeya yanuyo yakhala ikuliwotha tsiku ndi tsiku pachitsulopo.

Anthu amadabwa ndikawauza kuti tayala loyenda limakhalitsa kuposa longokhala. Chifukwa chake n'chakuti popanga labala amasakanizamo mankhwala ndi phula loteteza. Tayala likamagudubuzika, likupindika ndi kufunda, mankhwalawo amatulukira kunja pang'onopang'ono n'kukuta khungu lake. Longokhala silichita zimenezo. Khungu limauma, limayamba kuoneka lotuwa, kenako timing'alu tating'ono ngati ta ku chidendene m'chilimwe. M'kati namonso mpweya umadya pang'onopang'ono pamene labala anagwirana ndi mawaya, ndipo kumeneko diso silifika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimenezi sindinaziwerenge m'buku lokha. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito zaka zingapo pagalaja ina yokonza makalavani ndi ngolo komweko ku East Rand. Chaka china ndikubwera kumudzi mu Okotobala, ngolo kumbuyo itadzaza malata, njinga ziwiri ndi makina osokera a mayi a kunyumba, tayala la kumanzere linaphulika titangodutsa Changara kulowera ku Tete. Sindinade nkhawa. Sipeya ndinali nayo, yokongola, yosapondapo pansi, yomwe ndinkaipukuta Loweruka lililonse. Ndinaimanga ndikuimba mluzu. Sitinayende nayo ngakhale theka la ola, ndinangomva phwaphwaphwa kumbuyo. Nditatsika ndinapeza chikopa chonse cha mano chitasendeka ngati khungu la nthochi, chitamenya ndi kupinda chitsulo chotchinga matope. Tinagona pansi pa mlambe usiku uwiri, mnzanga atakwera matola kukasaka tayala ku Tete, ine ndikulondera malata ndi kukangana ndi mbuzi. Makaniko wathunthu, wophunzitsa anzake. Nditabwerera kuntchito nkhaniyi sindinaifotokoze kwa aliyense mpaka patapita chaka.

Njira imene mudutse inuyo ndi yomweyo: Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako kukwera kulowera ku Calomue kuti mutulukire pa Dedza. Ndi makilomita opitirira 1,700, ndipo chigwa cha Zambezi nyengo imeneyo chimatentha mpaka kupyola madigiri 40. Phula lotentha, katundu wolemera ndi maenje, ndi mayeso amene tayala lokalamba silingakhoze. Gulani atatu, osati awiri.

Pogula musangonena kuti "ndipatseni saizi 14". Werengani zonse zolembedwa pa tayala lakalelo, komanso pa kachitsulo ka kalavani kolembedwa kulemera kwake. Mwachitsanzo mukaona 185 R14C 102/100, chilembo C chikutanthauza kuti ndi tayala la magalimoto onyamula katundu, lolimba m'mbali, ndipo 102 ndi nambala ya katundu: limodzi limasenza makilogalamu 850. La galimoto yaing'ono lolembedwa 155/80 R13 79 limathera pa makilogalamu 437. Kalavani ya matayala awiri ilibe wina woithandiza, kulemera konse kuli pa awiriwo, choncho mphamvu ya awiriwo pamodzi ipose kulemera kwa kalavani itadzaza, ndipo pakhale potsalira. Sipeya ikhale yofanana nawo ndendende. Musanalipire onaninso manambala anayi aja, chifukwa tayala likhoza kukhala "latsopano" koma litagona m'sitolo zaka zitatu. A kaunjika paulendo uwu ayi. Ndipo muwauze asinthe ndi valavu yomwe, nayonso ndi labala, imauma chimodzimodzi.

Tsopano funso lanu lenileni, la kasungidwe. Pachitsulo chokokerapo ndi malo abwino pa chinthu chimodzi: mumalifikira msanga osakwawa pansi. Kuipa kwake ndi dzuwa, mvula ndi miyala yothamangitsidwa ndi matayala a pikapu. Livekeni chovala. M'masitolo a zamagalimoto amagulitsa, koma telala aliyense wosoka malona atha kukusokerani, ndi chingwe chokokera kukamwa ngati thumba. Sankhani lona loyera kapena lotuwa, lakuda limamwa kutentha. Kunsi kwake muboole timabowo tiwiri titatu kuti madzi azituluka. Ndaonapo malimu ambiri atadyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha chovala chosunga madzi, ndipo dzimbiri likafika pamene labala amakhudzana ndi limu, mpweya umathawira pomwepo. Pulasitiki wakuda wa zinyalala musamangirepo, amachititsa thukuta m'kati.

Onaninso kulemera kwa kutsogolo. Tayala ndi limu yake zimalemera makilogalamu 15 mpaka 20, ndipo mukawonjezera botolo la gasi ndi bokosi la zitsulo pamalo omwewo, kalavani imaweramira pa galimoto. Anthu odziwa amati kulemera kotsamira pa kampira kokokera kukhale pakati pa 5 ndi 7 pa 100 alionse a kulemera kwa kalavani yonse, bola kusapyole malire olembedwa pa chitsulo chokokera cha pikapuyo. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani sikelo ya kubafa, muimikepo kamtengo kotalika mofanana ndi pamene pamafika kampira ka galimoto, mutsitsirepo mlomo wa kalavani pang'onopang'ono. Mukapeza kuti kwalemera, musathamangire kukamanga sipeya kumbuyo kwenikweni. Katundu wolemera kumatako ndi amene amavinitsa kalavani mumsewu, makamaka lole yaikulu ikamakupitirirani. Chotsani zina, muziike pansi m'kati pamwamba pa ekiselo.

Mpweya wake muuyeze m'mawa tayala lili lozizira, ndipo mupope mofanana ndi apansiwo kapena kuposerapo pang'ono, osapyola malire olembedwa m'mbali mwake. Kuphwetsa panjira n'kosavuta kusiyana ndi kupopa. Tayala lililonse, ngakhale lopanda bowo, limataya mpweya pang'ono mwezi ndi mwezi, ndiye sipeya yoiwalika zaka ziwiri imakhala itatsala theka. Mukafika ku Tete n'kupeza kuti mpweya wakwera chifukwa cha kutentha, musaphwetse. Ukazizira ubwerera wokha.

Mawu amodzi kwa mlamu wanu: aone laisensi yake. Ku South Africa ya Code B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750, kalavani yolemera kuposa apo imafuna EB. Apolisi a ku Zimbabwe nawonso amafunsa sipeya yabwino, jeke ndi sipanala ya matayala. Za mapepala a paboda ndi nkhani ya tsiku lina.

FUNSO: Bambo, ine ndi amuna anga timakhala ku Nottingham ndipo chaka chatha tinagula kalavani yogwiritsidwapo ntchito kuti tizipita ndi ana kunyanja patchuthi. Sipeya yake ili pansi, pa zitsulo zimene amati zimasololoka. Sabata yatha amuna anga anayesa kuitulutsa kuti aone mpweya, analimbana nayo ola lathunthu koma sinasunthe, anangobwera m'nyumba atakwiya ndi chala chotupa. Ine ndikuti tikaitulutsa tizingoisunga m'kati pansi pa bedi. Iwo akuti malo ake ndi pansi pomwepo. Akulondola ndani? Wowerenga wa ku Nottingham.

YANKHO: Mayi, milandu ya m'banja sindiweruza, koma bambowo muwathokoze. Ayesera pakhomo, masana, tiyi ali pafupi. Ambiri amadziwira m'mbali mwa msewu, mvula ikugwa, ana akulira m'galimoto.

Makalavani ambiri a ku Britain amakhala pa tchesisi cha AL-KO, kampani ya ku Germany, ndipo chonyamulira sipeya chake ndi mapaipi olowetsana, lina m'kati mwa linzake, omangidwa kumbuyo kwa ekiselo. Umamasula chomangira mbali imodzi, n'kukoka, tayala n'kutuluka nawo. Papepala ndi nzeru yabwino. Vuto ndi lakuti pansipo ndi pamene pamathera matope onse ndi madzi onse, kuphatikiza mchere umene amawaza m'misewu ya kumeneko nyengo yozizira kuti chipale chisungunuke. Mapaipi akakhala zaka zitatu zinayi osakokedwa, osaona girizi, amagwirana ngati anawotcherera.

Bambowo asamenye ndi hamala, apinda mapaipi. Apopere mafuta omasula dzimbiri, aja a m'chitini monga WD-40, pamene mapaipi alowetsana, asiye usiku wonse, mawa apoperenso. Kenako akweze kalavani pang'ono mbali imeneyo kuti apeze mpata, n'kumakoka akugwedezera uku ndi uku. Ikatuluka, atsuke mapaipiwo, akwechepo dzimbiri ndi sandipepa, apake girizi wokwanira, ndiponso pa bauti yaikulu yogwira limu pakati. Girizi asakhudze labala. Ntchito imeneyi izichitika kawiri pachaka, potsegulira nyengo ya maulendo ndi potsekera. Mukamapereka kalavani kuti akaione akatswiri, nenani ndi pakamwa kuti sipeya aitulutse. Osangoganiza kuti achita.

Likatuluka tayalalo muliyang'anitsitse m'mbali, pamene linatsamira pa mapaipi. Nthawi zambiri pamakhala timizere tolowa m'kati. Ngati ndi tosaya ndipo tikufufuma lokha pakapita masiku, palibe kanthu. Koma ngati pali ming'alu, kapena potupa ngati chithupsa, limenelo latha. Polibwezera mulizungulitse pang'ono kuti malo ena ndiwo atsamire. Manambala anayi amene ndawafotokozera achimwene a ku Benoni muwaonenso. Kalavani yogulidwa kwa munthu wina kawirikawiri imakhala ndi matayala apansi osinthidwa koma sipeya yobadwa nayo. Ndipo kumbukirani kuti kalavani yokokedwa ku Britain sipita kukayesedwa chaka ndi chaka (amati MOT) monga galimoto, ndiye palibe amene adzakuuzeni. Komabe lamulo la mano osachepera mamilimita 1.6 limaikhudza, ndipo chindapusa chake chimafika mapaundi 2,500 pa tayala limodzi.

Pali msampha wina umene bambowo sanaupeze chifukwa matayala anali okhuta. Tayala lapansi likaphwa, kalavani imakhala pansi mbali imeneyo, ndipo mpata wosololera sipeya umatha. Jeke wambiri salowanso. Choncho muziyenda ndi thabwa lochindikala lalifupi: mumakoka kalavani pang'ono kuti tayala lophwalo likwere pathabwapo, mpata n'kupezeka. Pokweza, kalavani ikhale yokolekedwa ku galimoto, handibuleki itakokedwa, tayala la mbali inayo litatsekerezedwa. Jeke alowe pa ekiselo kapena pa chitsulo chimene opanga anaikira ntchito imeneyo. Miyendo inayi ya m'makona ija si majeke, ndi yongoletsa kugwedera. Mukakwezera imeneyo mupotoza pansi pa kalavani.

Tsono pa mkangano wanu. Pansi pali ubwino wake: dzuwa silifikapo, kulemera kuli mmunsi pafupi ndi ekiselo, ndipo akuba sakonda kukwawa. Pansi pa bedi palinso ubwino wake, louma, loyera, losavuta kuyeza mpweya. Ine ndikanakhala inu, ndi msana wanga wa masiku ano, ndikanalichotsa pansipo. Koma bedi lanu lili pati? Ngati lili kumbuyo kwenikweni, ayi, pa chifukwa cha kuvina chija. Ngati lili pafupi ndi ekiselo, ligonekeni pansi, mulimange ndi lamba kuti lisayendeyende mukamanga mabuleki mwadzidzidzi, ndipo mulilowetse m'thumba. Labala amanunkha kukatentha, komanso amasiya banga lachikasu losachoka pa pulasitiki woyala pansi. Malo ena abwino ndi m'buti ya galimoto, ngati zikwama za ana zikusiyirani mpata. Makalavani ambiri a banja amalola katundu wanu wa makilogalamu cha m'ma 150 okha, choncho kulichotsa m'kalavani n'kupindula.

Musanatseke nkhaniyi, bambowo achite chinthu chimodzi: amange sipeyayo pa kalavani zenizeni, pakhomo pomwepo. Makalavani ambiri amayendera malimu onyezimira a aluminiyamu, pamene sipeya ndi ya chitsulo wamba. Mabauti ake nthawi zina amasiyana, ndipo mphamvu yomangira imasiyananso. Kwa ambiri a kumeneko limu yachitsulo imamangidwa pa 88 Nm, ya aluminiyamu cha pa 130 Nm, koma buku la kalavani yanu ndilo likuuzeni zoona. Gulani sipanala yoyeza mphamvu, ija timati torque wrench, si yodula. Mukasintha tayala panjira, imani mutayenda makilomita 50 kapena kucheperapo n'kumanganso mabauti. Matayala a kalavani amakonda kuguluka akangosinthidwa kumene, makamaka la kumanzere.

Tayala likakuphulikirani pa motorway, msewu waukulu wa magalimoto othamanga, musalimbane nalo, tulukani nonse mukaime kuseri kwa chotchinga n'kuimbira kampani yothandiza magalimoto owonongeka panjira, ndipo muonetsetse lero kuti mgwirizano wanu ndi iwowo ukuphatikiza kalavani. Tsiku lina mukadzaoloka kupita ku France, kumene amayendera kumanja, dziwani kuti mapaipi aja adzasololokera mbali ya magalimoto othamanga. Pamenepo ndiye mfundo yanu ya pansi pa bedi idzapambane, koma musawakumbutse bambowo kuti ndinanena ine.

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi ngolo imene ndimanyamulira mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano kupita ku Lilongwe. Sipeya andibera kawiri chaka chino, kamodzi pamsika ndikudya nsima, kamodzi usiku pakhomo. Panopa ndimaisunga m'kachipinda ka jenereta, ndipo masiku ena ndimanyamuka osaitenga. Nditani? Wowerenga wa ku Area 25.

YANKHO: Pepani achimwene. Wakuba sipeya amayenda ndi sipanala imodzi m'thumba ndipo amafuna mphindi ziwiri zokha. Ntchito yanu ndi kumuchedwetsa mpaka aone kuti kuli bwino apite pa ngolo ya mnzanu.

Pitani kwa owotcherera akupangireni chomangira cha mabauti atatu otulukira m'mabowo a limu, imodzi ikhale yoboola kunsonga kuti muzilowetsapo loko. Mabauti omangira chomangiracho ku ngolo awotcherere mitu yake, apo ayi wakuba anyamula zonse pamodzi. Wonjezerani tcheni chochindikala chodutsa pabowo la limu n'kuzungulira chitsulo cha ngolo, chokokedwa kwambiri kuti pasakhale polowetsa chodulira. Pa nthawi yowotcherayo tayala likhale kutali. Munthu asayerekeze kuwotcherera pa limu imene ili ndi tayala, ngakhale litaphwetsedwa: kutentha kumayambitsa moto m'kati mwa labala ndipo limaphulika ndi mphamvu yopha munthu.

Loko wa pangolo amamwa fumbi la msewu wa Tsangano ndipo tsiku lomufuna amakana kiyi. Muvekeni kachidutswa ka chubu cha njinga, muzimudonthezera oyilo pamwezi, ndipo kiyi akhale pa mphete imodzi ndi wa galimoto. Limu muipake penti ya mtundu wonyansa, wachikasu kapena wapinki, n'kulembapo nambala ya ngolo. Ogula katundu wakuba sakonda chinthu chodziwika patali.

Kachipinda ka jenereta mulichotsemo lero. Majenereta, mamota a magetsi ndi makina owotcherera amatulutsa mpweya wotchedwa ozoni, umene umang'amba labala, osanenanso za kutentha ndi dizilo wodonthera pansi. Ngati usiku mukufuna kulilowetsa, pezani ngodya yozizira ndi yamdima, muligoneke pathabwa lili pa limu yake ndi mpweya wake. Tayala lopanda limu ndi limene limaimikidwa chilili, n'kumalizunguza pamwezi, ndipo lisasiyidwe panja m'dzinja, limasanduka chitsime cha udzudzu. Kunyamuka osaitenga ndiye musabwerezenso. Ikani makiyi a galimoto pamwamba pake pogona.

FUNSO: Ndili ndi galimoto yaing'ono yochokera ku Japan, sipeya yake ndi kaja kopyapyala. Ndagula kangolo kopanda sipeya. Kodi kameneka sikangagwire ntchito kuwiri? Komanso mnyamata wotsuka galimoto amapaka oyilo wakutha pamatayala kuti awale, akuti amafewetsa labala. Ndi zoona? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Achemwali kapena achimwene, simunanene, mayankho onse awiri ndi ayi. Katayala kameneko, kamene ku Joni amakatcha bisiketi, anakapangira galimoto imeneyo yokha, kuti ikafike pa okonza matayala apafupi. Kamalembedwa kuti musapyole makilomita 80 pa ola, ndipo kamafuna mpweya wambiri, 4.2 bar, pafupifupi kuwirikiza kawiri wa matayala enawo. Ndikutsimikiza kuti chigulireni galimotoyo simunakayezepo, kakayezeni mawa. Pangolo mwina sikalowa n'komwe. Kuchuluka kwa mabowo sikokwanira, pamafunikanso kutalikirana kwake: pali malimu a mabowo anayi amene mabowo oyang'anizana amatalikirana mamilimita 100 ndi ena 114.3, ndipo ukawayang'ana ndi maso amaoneka amodzi. Ngakhale katalowa, n'kocheperako msinkhu, ngolo idzapendekeka ndi katundu wake potsika Chiweta. Chotsani tayala limodzi la ngoloyo, mupite nalo kwa ogulitsa malimu, akupezereni mnzake wofanana, ndipo mumuyese pangolopo musanalipire.

Mnyamatayo mumuletse mwaulemu, akuchita zimene anaona kwa anzake. Oyilo, dizilo ndi palafini zimasungunula phula loteteza lija, tayala limawala Loweruka koma likuuma. Madzi, sopo wamba ndi bulashi ndi zokwana. Thovu la sopoyo alisiye kanthawi pa valavu ndi m'mphepete mwa limu, ndipo akaona timathovu tikufufuma pamalo amodzi akuitaneni mudzaone.